Kuvulala kwa Madisiki a Msana ndi Chithandizo Chopanda Opaleshoni

Msana wa munthu uli ndi mafupa 33 osanjikizana kuchokera m'khosi kufika kumunsi kwa chiuno. Pakati pa mafupa amene amapindika pali madisiki 23. Ntchito yake ndi yonga ya nkhata: kulandira kulemera kwa thupi kuti mafupa asakhulane. Disiki iliyonse ili ndi khoma lolimba la ulusi wolukanalukana, ndipo m'kati mwake muli mtima wofewa wonanda womwe mbali yaikulu ndi madzi. Munthu akamakula madziwo amachepa, khoma limachita timing'alu, ndipo popeza magazi safika ambiri m'disiki, imachedwa kupola.

Khoma likang'aluka, mbali ya mtima wofewawo imatulukira kunja n'kukhudza mtsempha wochokera m'msana. Disiki yonseyo sichoka pamalo pake, chifukwa ndi yomatirira ku mafupa a pamwamba ndi pansi pake. N'chifukwa chake palibe angaibwezeretse poisisita kapena poiponda. Vutoli limachitika kwambiri pa madisiki awiri otsiriza a m'chiuno, otchedwa L4-L5 ndi L5-S1, ndipo limakonda anthu a zaka 30 mpaka 50, amuna kuposa akazi. Zimene zimakolezera ndi kunyamula thumba la makilogalamu 50 munthu atawerama n'kupotoloka nalo, kuyendetsa thiraki kapena minibasi maola ambiri, kusuta fodya, kunenepa kwambiri ndiponso chibadwa cha kumtundu.

Chizindikiro chachikulu ndi ululu wotentha kapena wobaya umene umayambira m'thako, kutsika kumbuyo kwa ntchafu mpaka ku katumba ndi kuphazi, nthawi zambiri mwendo umodzi. Pamakhalanso dzanzi, ndipo kukhala pansi, kutsokomola ndi kuyetsemula kumawonjezera ululu. Disiki ya m'khosi imachita zomwezi kumkono. Mgwirizano wa disiki ndi ululu wa mwendo anaufotokoza bwino madokotala awiri a ku Boston, William Mixter ndi Joseph Barr, mu 1934. Pambuyo pake zinadziwika kuti kupanikizika kwa mtsempha ndi theka chabe la nkhani. Zotuluka m'disiki zimatupitsanso mtsemphawo, ndipo kutupako kukatha ululu umachepa ngakhale chotulukacho chikadalipo.

Kuyeza kumayamba ndi manja. Wodwala amagona chagada, dokotala n'kukweza mwendo wowongoka kuti aone ngati ululu ukutsika kupitirira bondo. Amayesanso mphamvu ya phazi ndi ya chala chachikulu. X-ray imaonetsa mafupa okha. Disiki imaoneka pa MRI. Koma chithunzi pachokha si matenda. Mu 1994, ofufuza a ku America anajambula anthu 98 amene msana sunkawapweteka, ndipo oposa theka anapezeka ndi disiki yotupira kunja. Motero MRI imafunika pamene pali zizindikiro zoopsa kapena pamene opaleshoni ikuganiziridwa.

Odwala ambiri amapeza bwino pakati pa milungu 6 ndi 12 popanda mpeni. Maselo oteteza thupi amadya pang'onopang'ono chidutswa chotulukacho, ndipo zidutswa zikuluzikulu ndi zimene zimafota kwambiri. Chithandizo chonse chopanda opaleshoni chimagona pa mfundo imeneyi: kuchepetsa ululu ndi kusunga mphamvu za thupi pamene likudzikonza lokha.

Choyamba ndi kuyenda. Kugona kopitirira tsiku limodzi kapena awiri kumafooketsa minofu ndi kuumitsa msana. Kuyenda pang'ono kangapo pa tsiku, kuwonjezera mtunda sabata ndi sabata, n'kothandiza kuposa kubindikira pamphasa. Pogona, kuika pilo pansi pa maondo munthu ali chagada, kapena pakati pa maondo ali cham'mbali, kumapeputsa ululu. Nsalu yofunda pachiuno imamasula minofu yokungika.

Chachiwiri ndi mafizo. Njira yodziwika kwambiri ndi ya Robin McKenzie wa ku New Zealand. Wodwala amagona chafufumimba, n'kudzutsa chifuwa ndi manja chiuno chili pansi, mobwerezabwereza. Ululu ukamachoka kuphazi kubwerera m'chiuno, zinthu zikuyenda. Ukamatsikira kuphazi, masewerowo asiyidwe ndipo wa mafizo asankhe ena, chifukwa si onse amene njirayi imawayanja. Ululu ukazizira, amawonjezera masewero olimbitsa minofu ya pamimba, ya msana ndi ya m'matako, komanso kuphunzitsa kanyamulidwe: kupinda maondo, katundu pafupi ndi thupi, kutembenuka ndi mapazi osati ndi chiuno.

Chachitatu ndi mankhwala. Ibuprofen ndi diclofenac amachepetsa kutupa, koma amwedwe masiku ochepa, munthu atadya. Odwala zilonda za m'mimba, impso, mtima kapena kuthamanga kwa magazi, ndiponso amayi oyembekezera, asamwe asanafunse dokotala. Panado payekha sathandiza kwenikweni pa ululu wa msana. Ululu wa mwendo ukakanika, jekeseni wa steroid wobayidwa pafupi ndi mtsempha amapereka mpumulo wa milungu ingapo, ngakhale sakonza disiki. Malamba a m'chiuno ndi makina okoka msana alibe umboni wokwanira, ndipo malangizo a bungwe la WHO a 2023 okhudza ululu wa msana wokhalitsa savomereza kuwagwiritsa ntchito. Mphini nazo sizifika pamene pali vuto.

Opaleshoni imaganiziridwa ululu wa mwendo ukapitirira milungu 6 mpaka 12 chithandizo chonsechi chitayesedwa. Kafukufuku wa ku Netherlands wa 2007 anapeza kuti ochitidwa opaleshoni msanga anapeza mpumulo mwachangu, koma patatha chaka anafanana ndi amene anayamba ndi kudikira.

Pali zizindikiro zosafuna kudikira ngakhale tsiku limodzi: kulephera kukodza kapena kudziletsa mkodzo ndi chimbudzi, dzanzi kumaliseche ndi m'kati mwa ntchafu, kufooka kwa miyendo yonse iwiri, ndi phazi lokwekwereza pansi. Izi zimasonyeza kuti mitsempha yapanikizika kwambiri, ndipo kuchedwa kungasiye chilema chosatha. Ululu wa msana wobwera ndi kutentha thupi, kuonda ndi thukuta la usiku ungakhale TB ya msana, yomwe imapezeka m'Malawi muno makamaka mwa anthu amene ali ndi HIV. Yemwe anadwalapo khansa nayenso apimidwe msanga. Matenda amenewa amafuna chithandizo chawochawo cha kuchipatala, osati mafizo okha.