Mizu Ikamva Njala

Cimanga, nyemba ndi nshawa zimapeza cakudya m'nthaka. Cimodzi mwa zakudya zimenezi ndi fosifeti. Fosifeti amathandiza mbewu kukula, kucita maluwa ndi kubereka bwino. Nanga fosifeti akacepa, mbewu ingatani? Ilibe miyendo yoti ithawire kumunda wina. Nchito yofuna cakudya imatsalira mizu.

Fosifeti sayenda msanga ndi madzi a mvula. Amakakamira kudothi. Wambiri amakhala m'dothi lapamwamba, mmene masamba amaolera. Conco muzu uyenera kufika pafupi penipeni kuti umutenge.

Masamba amapanga shuga. Njala ya fosifeti ikayamba, mbewu imatumiza shuga wambiri kumizu. Mizu imapitiriza kukula, koma phesi limakula pang'onopang'ono. Cimanga cimakhala cacifupi, ndipo masamba ake a m'munsi amafiirira m'mphepete. Mlimi akaona zimenezi amati, "Cimanga canga cili ndi njala!"

Pansi pa nthaka mizu siikhala cabe ai. Mizu ya nyemba imayala cam'mbali, m'dothi lapamwamba lija. Pamizu pamamera titsitsi tambiri tatitali. Titsitsi timeneti timalowa m'timipata ta dothi ndi kuyamwa fosifeti.

Mizu ina imatulutsa timadzi towawasa. Timadzi timeneti timamasula fosifeti amene wakakamira kudothi. Nandolo ndiye katswiri pa nchito imeneyi, makamaka m'dothi lofiira.

Mizu ili ndi bwenzi lake. Bwenzilo ndi mtundu wa bowa wocepetsetsa amene amakhala m'nthaka. Bowayu ali ndi tiulusi topyapyala kuposa tsitsi. Tiulusito timafika patali, kumene muzu sungafike, ndi kubweretsa fosifeti. Mbewu nayo imapatsa bowayo shuga. Awiriwa amathandizana ndithu.

Koma ngati nthaka ndi yoguga kwambiri, mizu payokha siingakwanitse. Zitsononkho zimakhala zazing'ono, ndipo nkhokwe siidzala. Ndiye cifukwa cake alimi amathira manyowa a ng'ombe kapena a nkhuku m'munda. Ena amathira feteleza wa D Compound pa nthawi yobyala. Amamukwirira m'dothi pafupi ndi mbewu kuti mizu yanthete imupeze msanga.

Mafunso

1. Kodi fosifeti wambiri amakhala m'dothi liti?
2. Masamba a cimanga amaoneka bwanji fosifeti akacepa?
3. Kodi bowa wa m'nthaka amathandiza bwanji mizu?
4. Cifukwa ciani alimi amakwirira feteleza pafupi ndi mbewu?