Kodi chiboliboli chenicheni chimadziwika bwanji?

Aliyense wodutsa pa positi ofesi ya ku Area 3 mumzinda wa Lilongwe, m'mbali mwa msewu wa Kamuzu Procession, amaona ziboliboli zitandandalikidwa: njovu, mvuu, bawo ndi mipando ya mafumu. Kwa ambiri ogulitsa pamalopa, iyi ndi ntchito ya pabanja. Wina amasema, wina amapalapala ndi kupukuta, wina n'kumanenerera mtengo ndi alendo, ndipo mwana amaphunzira poonera sompho m'manja mwa bambo kapena malume ake.

Chimene chimasunga malondawa ndi chikhulupiriro cha wogula, ndipo apa mpamene pali vuto. Mtengo wa phingo, umene alendo amaufuna kwambiri, umakula pang'onopang'ono ndipo ukunka nusowa. N'chifukwa chake ena amasema mtengo wamba n'kuupaka polishi wakuda wa nsapato. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Chosemedwa ndi phingo chimalemera moti chimamira m'madzi, kuda kwake kumafika mpaka m'kati, ndipo nthawi zambiri m'mphepete mumatsalira kachigawo koyererako. Chopakidwa chimapepuka, ndipo ukachikanda kunsi ndi chikhadabo chimaulula chokha. Sikuti mlombwa kapena mbawa ndi mitengo yonyozeka ayi. Cholakwika ndi kuitchula dzina la mtengo wina pofuna kukweza mtengo wake.

Funso lina ndi la komwe luso lachokera. Chosema cha mlenje wa Chimasai si cha kuno kwathu, ngakhale atachisema Mmalawi. Zoonetsa Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO lidamulemekeza mu 2005, kapena zotsata kasemedwe ka ku Kungoni ku Mua, malo amene Bambo Claude Boucher adakhazikitsa mu 1976, zili ndi mizu yake m'dziko muno.

Ku America adafika poikapo lamulo. Malinga ndi lamulo la mu 1990, ndi mlandu kugulitsa chinthu monama kuti achipanga ndi eni nthaka monga a mtundu wa Navajo, amene amatchuka ndi zoluka komanso mikanda ya siliva. Pa Area 3, wogula amadalira mawu a wogulitsa ndi maso ake.

Palinso za malamulo a nkhalango. Kuyambira mu 2017, phingo ali m'gulu la mitengo imene pangano la CITES limayang'anira malonda ake pakati pa mayiko, choncho wofuna kutumiza katundu wambiri kunja ayenera kuyamba wafunsa ku nthambi yoona za nkhalango za chilolezo.