Luso la Manja: Bampa Yapulasitiki Siimva Nyundo

Sabata yatha tidakambirana za mmisiri wowongola zitsulo za galimoto. Lero tiyeni titembenukire kupulasitiki, pakuti galimoto zambiri zimene zimalowa m'dziko muno kuchokera ku Japan zili ndi bampa zapulasitiki, ndipo mnyamata wodziwa nyundo yokha adzaona ntchito zambiri zikumudutsa pakhomo.

Bampa zotere si zalero ayi. Galimoto ya Renault 5, imene idatuluka ku France m'chaka cha 1972, idali nazo kale. Masiku ano zambiri zimapangidwa ndi mtundu wa pulasitiki wotchedwa polypropylene, umene katswiri wa ku Italy, Giulio Natta, adaupanga m'chaka cha 1954. Pulasitiki imeneyi ndi yopepuka, yopindika ndiponso yosachita dzimbiri, koma ili ndi khalidwe limodzi lovuta: imakana penti.

Tsono ntchito yoyamba ya mmisiri ndiyo kudziwa chimene wagwira m'manja. Atembenuze bampayo ndi kuyang'ana kuseri kwake, kumene opanga amadindako zilembo. Akaona PP kapena ABS, adziwe kuti pulasitikiyo imasungunuka ndi moto, choncho ingathe kuwotchereredwa. Akaona PUR, asayese n'komwe, chifukwa mtundu umenewu umangopsa osasungunuka, ndipo umafuna guluu wake. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Pano wofunsidwa ndi zilembozo.

Ngati bampa yangobonyoka, aitenthetse pang'onopang'ono ndi mpweya wotentha kapena madzi owira, akankhe chakuseri, kenaka aiziziritse ndi nsalu yonyowa. Ngati yang'ambika, aboole kabowo kumapeto kwa mng'aluwo kuti usapitirire, aseme kangalande motsata mng'alu, ndipo asungunuliremo kamzere ka pulasitiki ya mtundu womwewo. Mitundu iwiri yosiyana siigwirana. Polypropylene imasungunuka kutentha kukafika pafupifupi madigiri 160. Moto ukapyola muyeso, malowo amapserera ndi kufooka. Kusoka ndi waya, monga tiwonera m'misewu yathu, kumathandiza paulendo, koma sikutchedwa kukonza.

Popenta ndi pamene ambiri amagwera m'mbuna. Bampa iyenera kutsukidwa ndi sopo ndi madzi, mkati ndi kunja, kuti mafuta ndi litsiro zichoke. Ikauma, aipale ndi sandipepala yosalala, pakuti yokhakhala imadzutsa timaubweya tapulasitiki timene timaonekera pansi pa penti. Akatero apopere mopyapyala mankhwala ogwiriza penti kupulasitiki, ndipo pambuyo pake ndiye pabwere penti yoyamba, ya mtundu ndi yonyezimiritsa. Mwina opanga penti amalangiza kuthiramo mankhwala ofewetsa, kuti bampa ikamapindika penti isang'aluke. Wodumpha masitepe amenewa amapereka galimoto yowala ndithu, koma pakangopita miyezi yochepa penti imayamba kusupuka ngati khungu la njoka, ndipo mwini galimotoyo sabweranso. Dzina la mmisiri limasupukira limodzi ndi pentiyo.

Tisaiwale za moyo. Penti zosakaniza ndi mankhwala olimbitsa zimakhala ndi ululu wotchedwa isocyanate, umene umayambitsa mphumu yosatherapo. Kansalu komanga pamphuno sikateteza. Pamafunika chophimba kumaso chopangidwira ntchitoyi ndiponso malo opita mphepo bwino.

Kwa inu amene mwatsiriza sukulu ndipo mukudikira kalata ya ntchito ya muofesi, nayi ntchito yosafuna makina odula kwambiri, koma yofuna maso, kuwerenga ndi kudekha. Funsani kusukulu zaluso monga Soche ndi Lilongwe, kapena kubungwe la TEVETA, za maphunziro okonza galimoto. Nanunso aphunzitsi, pophunzitsa za kutentha ndi kusungunuka kwa zinthu, bweretsani chibenthu cha bampa m'kalasi, ana awerenge okha zilembo zili kuseriko, kuti aone kuti sayansi imadyetsa munthu.

Sabata ya mawa tidzakamba za kasakanizidwe ka mitundu ya penti.