Kukonzekera mwana wachisamba ku Kasanda: buku lokha silikwanira

Kale mtsikana akaima koyamba, anamkungwi ankamusonkhanira pa mwambo wa chisamba. Kumeneko ankamulangiza za kasungidwe ka pathupi, za tsiku lochira ndi za kaleredwe ka khanda. Lero mabanja ambiri achinyamata akukhala m'matauni, kutali ndi agogo awo, ndipo malangizo akuwapeza m'mabuku, m'mafilimu ndi pa foni. Palibe cholakwa pamenepo. Koma banja limene likuyembekezera mwana woyamba ku Kasanda, m'tauni ya Kabwe, liyenera kudziwanso nkhani ina imene mabuku otchukawo sakamba, ndiyo ya dothi la pakhomo pawo.

Zimene mabuku amaphunzitsa

Mabuku olangiza makolo anayamba kale. M'chaka cha 1946 Dr Benjamin Spock wa ku America anatulutsa buku la kasamalidwe ka makanda limene linamasuliridwa m'zinenero zambiri. Mu 1984 kunatuluka la Heidi Murkoff ndi anzake, What to Expect When You're Expecting, lofotokoza za pathupi mwezi ndi mwezi, ndipo mu 2012 kunabwera filimu ya dzina lomwelo. Loyandikira kwambiri moyo wathu ndi Facts for Life, limene mabungwe a UNICEF, WHO ndi UNESCO anatulutsa koyamba mu 1989.

M'mabuku otere mayi amaphunzira zizindikiro zofunika kuthamangira nazo kuchipatala: kutaya magazi, kutupa nkhope ndi manja, mutu wosaleka kupweteka, kutentha thupi, ndi kuleka kutakataka kwa mwana m'mimba. Bambo naye amaphunzira kusungiratu ndalama ya ulendo wa usiku. Mafilimu amachepetsa mantha, koma tizikumbukira kuti ambiri amapangidwa kuti asangalatse oonera. Kuchira kumene mufilimu kumatenga mphindi zitatu, kwa mayi wa mimba yoyamba kungatenge usiku wonse.

Chimene dothi la Kasanda lasunga

Mgodi wa mtovu ndi zinki wa Broken Hill, dzina lakale la Kabwe, unagwira ntchito kuyambira mu 1906 mpaka pamene unatsekedwa mu 1994. Zaka zonsezo utsi ndi fumbi lake zinkagwera m'makomboni oyandikana nawo monga Kasanda, Makululu ndi Chowa. Mtovu suola. Mgodi unatsekedwa, koma mtovuwo udakali m'dothi, ndipo m'chilimwe mphepo imaulowetsa m'nyumba pamodzi ndi fumbi. Mu 2019 bungwe la Human Rights Watch linatulutsa lipoti lofotokoza kuti ana a m'maderawa ali pangozi yaikulu.

Bungwe la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene tingati ndi wosavulaza. Ukalowa m'thupi umakakhazikika m'mafupa ndi m'mano kwa zaka zambiri. Mayi akaima, thupi lake limatapa kashiamu m'mafupa kuti aumbire mafupa a mwana, ndipo mtovu uja umatuluka nawo, n'kulowa m'magazi, n'kufika kwa khanda lisanabadwe. Zotsatira zake zingakhale kupita padera, kubadwa masiku asanakwane, kapena kubadwa wochepa thupi. Mwana akayamba kukwawa, chilichonse amaika m'kamwa, ndipo thupi lake limayamwa mtovu wochuluka kanayi kapena kasanu kuposa la wamkulu. Mtovu umaononga ubongo mwakachetechete. Mwana angaoneke wathanzi, koma n'kudzavutika kugwira maphunziro atayamba sukulu.

Zimene banja lingachite

Choyamba, yambani sikelo msanga. Kuyambira mu 2016 WHO imalimbikitsa kuti mayi woyembekezera aonane ndi azachipatala kasanu ndi katatu, ulendo woyamba masabata 12 asanathe. Auzeni anamwino kuti mumakhala ku Kasanda kapena munakulira komweko, ndipo funsani kumene angayeze mtovu m'magazi anu ndi a mwana akadzabadwa.

Chachiwiri, musadye dothi. Amayi ambiri apakati amalilakalaka, ndipo anzawo amangoti ndi nkhuli ya mimba. Kawirikawiri chilakolako chimenechi chimayendera limodzi ndi kuchepa kwa magazi, choncho kanenedwe ku sikelo. Ku Kasanda chibuluma chimodzi cha dothi chingakhale ndi poizoni wofika mpaka kwa mwana.

Chachitatu, samalani zakudya. Thupi losowa ayironi ndi kashiamu limayamwa mtovu wambiri. Imwani mapiritsi oonjezera magazi amene amapereka ku sikelo, idyani kapenta ndi minga yake yomwe, nyemba, mazira ndi mkaka. Ndiwo zamasamba muzitsuke bwino ndi madzi oyera, ndipo chakudya chizikhala chovundikira.

Chachinayi, limbanani ndi fumbi. M'nyumba muzikolopa ndi nsalu yonyowa, ndipo pabwalo muziwaza madzi musanasese. Nsapato zizitsala pakhomo. Bzalani kapinga pamene pali dothi lambee, ndipo mwana aziseweretsedwa pamphasa yoyera. Manja ake ndi zoseweretsa zake zizitsukidwa kawirikawiri. Abambo amene amapeza zosowa zawo potola miyala ndi zitsulo pa milu ya mgodi asambe ndi kusintha zovala asananyamule khanda, ndipo zovalazo zisachapidwe pamodzi ndi matewera.

Ntchito ya tonse

M'mera mpoyamba. Zaka zoyamba ndizo zimaumba nzeru za mwana, ndipo zimene mtovu waononga mu ubongo sizibwerera. Kuyeretsa dothi la Kabwe yense ndi udindo wa boma ndi a migodi, ndipo nzika zisaleke kuwakumbutsa. Koma khanda silingadikire kuti ntchito imeneyo ithe.

Alangizi a mabanja m'maparishi ndi m'miphakati athu angathandize kwambiri ngati, pokonzekeretsa achinyamata za ukwati ndi za ubatizo wa ana, azikambako za mtovu. Inu makolo atsopano, werengani mabuku anu awiriwiri, ndipo mafunso amene mwapezamo muwalembe kuti mukawafunse ku sikelo. Apongozi ndi azakhali odzathandiza chikuta nawonso auzidwe za fumbi ndi dothi asanalandire mwanayo m'manja.