Phunziro la ku Kobe kwa makampani a zipangizo za gasi

Chivomezi chomwe chidagwedeza mzinda wa Kobe m'dziko la Japan pa 17 Januwale 1995 chidapha anthu oposa 6,000 komanso kusiya nyumba pafupifupi 860,000 zopanda gasi. Kampani ya Osaka Gas idatenga pafupifupi miyezi itatu kuti ibwezeretse gasiyo.

Mapaipi ambiri achitsulo adawonongeka molumikizira, pomwe apulasitiki, omwe amapindika nthaka ikasuntha, adapirira. Kuchokera apo, makampani akhala akusintha mapaipi akale.

Komatu amisiri sangakonze kanthu popanda zipangizo. Katundu yense akawonongekera m'nyumba imodzi yosungiramo, kapena msewu ukaduka, ntchito imaima ndipo mabanja amakhala osaphika. N'chifukwa chake kampani yogulitsa mapaipi ndi zolumikizira iyenera kusunga katundu m'madera osiyanasiyana komanso kupangana zothandizana ndi makampani ena ngozi isanagwe.