Tisanagule kompyuta yokonzera mavidiyo, tiwerenge nambala

Ambiri a ife kuno ku Pembamoyo timajambula maukwati ndi makwaya pa foni. Tikafuna kukonza mavidiyo ndi zithunzizo, timaganiza zopita ku Chipata kukagula laputopu ya salaula. M'kompyutamo, cimene cimasenza nchito yolemetsa ndi processor. Wogulitsa akati "iyi ndi i7", tisafulumire kutulutsa makwaca.

Tiwerenge nambala yotsatira dzinalo. Intel Core i7-7500U ya mu 2016 ili ndi ma core 2 cabe, pamene i5-8250U ya mu 2017 ili ndi 4. Ma core ali ngati alimi m'munda umodzi: akaculuka, mizere imatha msanga. Nambala yoyamba, 7 kapena 8, ndiyo m'badwo wake. Tisankhe Intel wa m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kapena AMD Ryzen 5 wa nambala 3000 kupita m'mwamba. Windows 11 sivomereza ma processor ambiri akale, ndipo Microsoft inaleka kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025.

Cilembo cothera naco cili ndi tanthauzo. U imadya magetsi pafupifupi mawati 15, H pafupifupi 45. H imamaliza vidiyo mwamsanga, koma kwa ife odalira sola, U imasunga batire.

Tifunsenso RAM ya 16 GB ndi SSD. Tisanalipire, titsegule Task Manager kuti tidzionere tokha dzina lonse la processor, ndipo tiyesepo vidiyo yathu pomwepo m'sitolo.