Botolo la madzi ndi siginecha yanu

Ambiri kuno ku Kafue akamva kuti ndimaphunzitsa za makhalidwe oyenera pa ntchito amaganiza kuti ndimazungulira m'mafakitale kuuza anthu kuti kuba n'koipa. Zimenezo aliyense anazimva kwa amayi ake ali mwana. Ntchito yathu imayamba pamene zinthu ziwiri zabwino zawombana, munthu n'kusowa kolowera.

Nayi nkhani yomwe ndimapatsa ophunzira kuti ailingalire. Mtsikana wa mu labotale watunga madzi pa paipi yotayira zonyansa za fakitale. Wamata kapepala pa botolo, walemba tsiku ndi nthawi, waviika choyezera. Nambala ya pH yaima pa 4, asidi wopitirira malire amene a ZEMA, bungwe loona za chilengedwe, amalola. Akulu ake pa ntchito, omwe anamupezera malowo ndipo anagula bokosi pa maliro a bambo ake, akumuuza motsitsa mawu kuti, "Mwana wanga, lero lemba za dzulo. Makina akakonzedwa tiyezanso."

Kuyamika munthu amene anakugwira dzanja pa tsoka ndi khalidwe labwino. Kusunga ntchito yodyetsa azing'ono ako ku Shikoswe n'kwabwinonso. Tauni ino inakula ndi mafakitale, Nitrogen Chemicals of Zambia itayamba kupanga feteleza mu 1970, ndipo inaona njala yomwe inalowa m'makomo Kafue Textiles itatseka. Choncho munthu woopa kuchotsedwa ntchito sindimunyoza.

Pamenepa m'pamene timatulutsa zida zathu, zomwe ndi mafunso. Loyamba ndi la anthu a maganizo a John Stuart Mill: kodi chochitachi chipweteka ndani, ndipo ndi angati? Mtsinje wa Kafue ndi wa asodzi, wa alimi a ndiwo zamasamba, komanso madzi ambiri omwe amamwedwa mu Lusaka amapopedwa pomwe pano pa Iolanda. Pa 18 February 2025 damu la zonyansa la Sino-Metals ku Chambishi litaphulika, asidi anatsika ndi mtsinje wa Mwambashi n'kulowa mu Kafue, nsomba zinafa, mipopi ya mu Kitwe inatsekedwa. Madzi akatayika saoleka.

Funso la Immanuel Kant, amene analemba za nkhanizi mu 1785, ndi lomwe limawakhalitsa chete ophunzira anga: kodi mungavomere kuti woyeza aliyense m'mbali mwa mtsinjewu azilemba za dzulo akapanikizika? Zikatero malipoti onse asanduka mapepala chabe, kuphatikizapo lipoti la madzi amene mwana wanu akumwa.

Ena amayankha kuti umunthu umafuna kuti mtsikanayu awabisire akulu akewo. Ine ndimakana. Umunthu wothera pa anthu amene timadya nawo nsima ndi woperewera. Mayi wotunga madzi kumunsi kwa paipi uja simudzamuona nkhope, koma naye ndi munthu, ndipo alibe choyezera. Akudalira siginecha yanu.

Chimene ndaona pa ntchitoyi n'chakuti munthu sagwa tsiku la botolo, amakhala atagwa kale kunyumba. Wokhala ndi kaloba kapena katapila pakhosi, wodya zoposa malipiro ake, wozolowera kunamiza mkazi wake za ndalama, savuta kumugula. Amene anatsimikiza kale ali phee kuti sadzasainira chimene sanachione, pakamwa pake sipalemera kunena kuti ayi, ndipo amatha kukana mwaulemu, osanyoza mkulu.

Malamulo nawo ali kumbali yake. Ndime 8 ya malamulo aakulu a Zambia, monga anakonzedwera mu 2016, imaika makhalidwe abwino pa mfundo zoyendetsera dziko, ndipo chiyambire 2010 pali lamulo loteteza anthu oulula zolakwika pa ntchito. Sindikunamizani kuti pepala la lamulo lidzakugulirani ufa mwezi umene abwana akukwiyirani, koma likupatsani poyimira.

Inu anzanga a m'malabotale, a m'sitolo za zipangizo ndi a pa geti, lembani nambala yomwe mwaona ndi maso anu. Auzeni akulu anu poyamba, molemba kalata, ndipo kope lake musunge kunyumba. Akakana kumva, pitani nayo nkhaniyo ku ZEMA.